Kodi mawu akuti "testify" anachokeradi kumene amalume akunena?

Nachisale:
Lamulungu lapitali mtsikana wina wa kwaya kutchalitchi kwathu anaimirira n'kunena kuti akufuna kutesitifaya za mmene anachirira. Titafika kunyumba ndinabwereza mawu omwewo pofotokozera amalume, omwe anaphunzitsa Chingerezi kwa zaka zambiri, ndipo anandidzudzula kuti mawu amenewa sayenera kutchulidwa m'nyumba ya Mulungu. Akuti testify anachokera ku dzina la ziwalo zobisika za mwamuna, chifukwa Aroma akale ankagwira pamenepo polumbira pa mlandu. Nkhaniyi yandisowetsa mtendere sabata yonse, choncho amene mukudziwa ndithandizeni.

aGondwe:
Amalume anuwo sakunama, mayi. M'Chilatini, chinenero cha Aroma, mawu akuti testis amatanthauza mboni, ndipo omwewonso ndi dzina la chiwalo chimene mukunenacho. Tsegulani Genesis 24, muona Abrahamu akuuza wantchito wake wamkulu kuti aike dzanja pansi pa ntchafu yake polumbira zokamupezera Isake mkazi. Yakobo anachitanso chimodzimodzi ndi Yosefe pa Genesis 47. Umenewo ndiwo unali mwambo wa anthu akale.

Nabanda:
Ine za Aroma zandikumbutsa agogo anga aakazi, omwe ankaitanidwa kawirikawiri ku bwalo la mfumu pa milandu ya malire a minda. Tsiku lina ndinawaperekeza nditawanyamulira mphasa, ndipo bambo wina atayamba ndi mawu akuti "ndinamva kuti", agogo anamudula pomwepo, nati wakumva si mboni, akhale pansi alankhule amene analipo pamene nkhadze zinkadzalidwa. Kwa iwo mboni anali munthu woona ndi maso, ndipo ine ndimakhulupirira kuti dzinalo linachokera ku kuona kumene, pakuti Azulu amati ukubona.

aMwale:
Bambo Gondwe, ndikupemphani kuti tisiyanitse zinthu ziwiri. Abrahamu ndi Yakobo anali Aheberi, ndipo zimene ankachita sizingakhale umboni wa mwambo wa ku Roma. Ndinaphunzirako Chilatini kuseminale, ndipo palibe mlembi Wachiroma amene analemba kuti mboni zinkalumbira motero. Chimene chinalembedwa ndi kulumbira pa dzina la Jupiter, mulungu wawo wamkulu, nthawi zina munthu atagwira mwala m'manja. Akatswiri a zinenero amati testis anapangidwa kuchokera ku mizu iwiri, umodzi wotanthauza zitatu ndi wina wotanthauza kuimirira, ndiye kuti mboni ndi munthu wachitatu woimirira pambali pamene awiri akukangana. Powonjezera facere, kutanthauza kuchita, panabadwa testificari, ndipo mawuwa analowa m'Chingerezi ngati testify chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Ambiri amaona kuti tanthauzo la mboni ndilo linayamba, ndipo chiwalocho chinabwereka dzinalo pambuyo pake. Testament, amene ife timati Chipangano, ndi wa banja lomweli.

aGondwe:
Ndamva, achimwene, koma simunandikhutiritse. Mwavomera nokha kuti mawuwo ndi amodzi. Kusalembedwa kwa chinthu sikutanthauza kuti sichinkachitika, chifukwa miyambo yathu yambiri ya kuchinamwali sinalembedwe m'buku lililonse koma tonse tikudziwa kuti ilipo.

Naphiri:
Chimene chikundipweteka ine n'chakuti mwana wa kwaya akunena kuti kutesitifaya pamene tili ndi mawu athu omveka bwino akuti kuchitira umboni. Adzukulu anga akabwera kutchuthi amati anawitinesa ngozi pamsewu, ndipo ndikawafunsa kuti anene m'Chichewa amayang'anana. Amayi anga sanapite kusukulu, koma ankadziwa kusiyanitsa mboni, mkhalapakati ndi nkhoswe, ndipo sankasokoneza ntchito zawo ngakhale kamodzi.

aMwale:
Mayi Naphiri mwatchula witness, ndipo ameneyo ndi wa Chingerezi chakale, wochokera ku wit, kutanthauza kudziwa. Palinso martyr, amene m'Chigiriki anali mboni chabe, ndipo n'chifukwa chake pa Machitidwe 22:20 Stefano akutchedwa mboni ya Ambuye. Tanthauzo la wofera chikhulupiriro linabwera chifukwa Akhristu oyambirira ankaphedwa akamachitira umboni. Pa 3 Malichi, tikamakumbukira amene anaphedwa mu 1959, Chingerezi chimawatchula ndi dzina lomwelo la martyr. Mayi Nachisale, musachite manyazi ndi mawu amene munanena aja.

aGondwe:
Zonsezo n'zabwino, koma funso langa silinayankhidwe. Ngati panalibe mwambo wotere, n'chifukwa chiyani Aroma anasankha dzina la mboni pa chiwalo chimenecho, osati pa diso kapena lilime?

Nachisale:
Ndawawerengera amalume zonse zimene mwalemba. Akuti za munthu wachitatu akuzimva koyamba ndipo aziganizira, koma aumirirabe kuti m'nyumba mwawo tizinena kuti kuchitira umboni.