Ali ndi 12 pa licenciatura (digiri yoyamba), timulandire ku mestrado (digiri yachiwiri)?

Mphunzitsi, Tete: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndimaphunzitsa utsogoleri wa mabungwe osafuna phindu, ndipo chaka chino ndili m'komiti yosankha a mestrado. Pasukulu pathu timafuna média (avareji ya malikisi a licenciatura) ya 14 pa 20. Ndiye mafomu ena ndi a mayi wa ku Angónia, ali ndi 12, koma akhala akuyendetsa bungwe la alimi a mbatata ya kachewere kwa zaka zambiri. Anzanga akuti awa tiwasiye. Ine mtima ukukana, poti zimene ndimaphunzitsa pabolodi iwo amazichita tsiku ndi tsiku.

Wa ku Ulónguè: Achimwene, regulamento (malamulo a sukulu yanu) mwaiwerenga mpaka kumapeto? Masukulu ena ali ndi ndime yolola wa média yotsika ngati ntchito anaigwiradi, bola conselho científico (komiti yaikulu ya zamaphunziro pasukulupo) ivomere. Ikakhalapo musachite kupempha chifundo, lembani kalata.

Mayi wa ku Moatize: Koma CV musaikhulupirire kwambiri, aliyense amaikometsa. Abwere ndi estatutos (malamulo a bungwe), ma acta a assembleia geral (zolembedwa za pamsonkhano waukulu wa mamembala) ndi lipoti la conselho fiscal (komiti yolondoloza chuma). Lei 8/91 (lamulo la mabungwe muno mu Mozambique) imafuna oyambitsa osachepera 10, ndiye ena amangotolera mayina a azilamu ndi azisuweni. Ndinaonapo acta masaini onse ndi dzanja limodzi, cholembera chimodzi, ngakhale kupendekera kwake kofanana. Onaninso ngati masankho amachitikadi. Kukhalitsa pampando si umboni wa utsogoleri ayi.

Wa ku Ulónguè: Amayi, la alimi likhoza kukhala kuti linalembetsedwa pa Decreto-Lei 2/2006, lamulo la mabungwe a alimi. Pamenepo chikalata chimatuluka ku distrito konkuno, asawavutitse kufuna cha kwina.

Mkulu wopuma ntchito: Ine nditsutsako pang'ono. 14 uja sanamuike pongofuna kuzunza anthu. Kutsogoloku kuli dissertação (kulemba buku la kafukufuku), ya m'Chipwitikizi, ndipo ambiri odziwa kuyendetsa msonkhano amagwera pomwepo. Muwakhazike pansi alembe masamba awiri: wopereka thandizo akasiya mwadzidzidzi, bungwe lawo lingatani? Kodi licenciatura ndi ya kuno kapena ya ku Malawi? Ya kunja ifunika equivalência kaye, chikalata chotsimikiza kuti ikufanana ndi ya kuno.

Mphunzitsi, Tete: Ndi ya kuno, bambo. Ndimeyo ndaipeza, ilipodi. Ndawaimbira foni, akuti ma acta ali kwa mlembi wawo ku Dómuè, atumiza pa chapa (minibasi) Lachisanu. Zolembazo tichita Lolemba m'mawa, komiti yonse ilipo.