Kodi bungwe la FEI limatani wolakwa akakhala m'bale wa mtsogoleri?

Mlembi wa ku Lizulu analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndine mlembi wa kagulu ka eni ngolo kuno ku Lizulu, ndipo ambiri mwa ife timatuta mbatatesi, kabichi ndi tomato kuchokera kumadimba kupita kumsika wa pamsewu, ena ndi abulu, ena ndi ng'ombe. Chaka chatha tinagwirizana kuti aliyense womanga pangolo bulu wa zilonda, kapena wosenzetsa ziweto katundu wopyola muyeso, azilipira chindapusa. Lamuloli linayenda bwino mpaka mwezi wathawu, pamene wopezeka wolakwa anali mlamu wa wapampando wathu. Komiti yomwe inalemba lamulolo ndi yomwenso imaweruza milandu, wapampando ndiye amatsogolera zokambirana, choncho nkhaniyo inangozilala popanda chigamulo, ndipo tsopano anthu ena awiri omwe anagamulidwa kale akukana kulipira.

Mwana wa mchemwali wanga, yemwe ali kukoleji, atamva dandaulo langa anandiuza kuti kuli bungwe lalikulu loyendetsa masewera a akavalo padziko lonse, lotchedwa FEI, ndipo kuti nalonso linakumanapo ndi vuto longa lathuli. Ndikudziwa kuti kuyerekeza abulu athu ndi akavalo a mafumu a kunja kungaseketse ena, koma ine ndapatsidwa ntchito yolembanso malamulo athu msonkhano wa mwezi wamawa usanafike. Ndikupempha odziwa andifotokozere mmene bungweli linagawira ntchito pakati pa makomiti ake, amene amalemba malamulo, amene amaweruza, komanso zomwe zimachitika wolakwa akakhala wa m'nyumba ya mtsogoleri.

Mphunzitsi wopuma wa ku Bembeke anayankha:

Bambo mlembi, mwana wa mchemwali wanuyo wanena zoona. Dzina lonse la bungweli ndi Fédération Équestre Internationale, linakhazikitsidwa mu 1921 ndi mayiko 8, omwe ndi Belgium, Denmark, France, Italy, Japan, Norway, Sweden ndi United States, ndipo likulu lake lili ku Lausanne m'dziko la Switzerland. Lero lili ndi mamembala oposa 130. Membala wake si munthu wokwera kavalo ayi, koma bungwe la masewerawa la dziko lililonse.

Mphamvu zazikulu zili ndi msonkhano waukulu womwe umachitika kamodzi pachaka, ndipo kumeneko dziko lililonse lili ndi voti imodzi, kaya lili ndi akavalo ambirimbiri ngati Germany kaya ochepa. Msonkhanowu ndiwo umasankha pulezidenti, umavomereza ndondomeko ya chuma, ndiponso umavomereza kapena kukana malamulo atsopano. Pakati pa misonkhano iwiri ntchito imakhala m'manja mwa bodi, momwe mumakhala pulezidenti, apampando a makomiti a masewera, oyimira zigawo za dziko lapansi komanso woyimira okwera akavalo eni ake. Ntchito ya tsiku ndi tsiku imagwiridwa ndi anthu olembedwa ntchito pansi pa mlembi wamkulu.

Malamulo sabadwira mumsonkhano waukulu. Mtundu uliwonse wa masewera uli ndi komiti yake: ya jumping, komwe akavalo amadumpha zotchinga, ya dressage, komwe kavalo amayenda mwaluso motsatira zizindikiro za wokwera, ya eventing yomwe imaphatikiza dressage, jumping ndi kuthamanga m'tchire, ya endurance yomwe ndi mpikisano wa mtunda wautali, ya driving komwe akavalo amakoka ngolo (apa mwina mumva kuti muli pakwanu), ndi ina. Mayiko amatumiza maganizo awo kumayambiriro kwa chaka, komiti imalemba chikalata choyamba n'kuchitumiza kuti mayiko achiwerenge ndi kuchitsutsa, kenako chikalata chomaliza chimatuluka kutatsala masabata angapo kuti msonkhano uchitike, ndipo zomwe zavomerezedwa nthawi zambiri zimayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale. Palinso komiti ya madokotala a ziweto, komiti yofufuza za kayendetsedwe ka ndalama, ndi komiti younika anthu ofuna maudindo.

Tsono pa funso lanu lenileni, komiti yolemba malamulo siweruza. Milandu ikuluikulu imapita ku FEI Tribunal, bwalo la akatswiri a zamalamulo osankhidwa ndi msonkhano waukulu, omwe sakhala mu bodi. Wosakhutira ndi chigamulo amachita apilo ku Court of Arbitration for Sport, bwalo lomwe si la FEI nkomwe ngakhale nalonso lili ku Lausanne. Dongosololi linayesedwa mu 2009. Pulezidenti pa nthawiyo anali Princess Haya wa ku Jordan, ndipo kavalo wa amuna awo, Sheikh Mohammed, wolamulira wa Dubai, anapezeka ndi mankhwala oletsedwa pa mipikisano ya endurance. Mayiwa anadzipatula pa nkhaniyo, ndipo bwalo linayimitsa amuna awo kwa miyezi 6. Makolo anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo njira yomwe a FEI anapeza ndi yakuti wopha khosweyo asakhale mwini mkhate. M'malamulo anu lembani kuti oweruza akhale anthu ena osakhala m'komiti, komanso kuti wachibale wa woimbidwa mlandu azituluka pokambirana.

Mlangizi wa ziweto wa ku Ntcheu anayankha:

Aphunzitsi afotokoza bwino mmene zilili papepala, koma ine ndikuona kuti ayamikira bungweli mopitirira pang'ono. Kugawa makomiti pakokha sikuteteza chiweto, chifukwa onse okhala m'makomitiwo ndi anthu, ndipo kavalo alibe voti.

Chitsanzo chake ndi msonkhano waukulu wa ku Copenhagen m'mwezi wa Novembala chaka chomwecho cha 2009. Nthumwi zinalandira, kutangotsala masiku ochepa, mndandanda wa mankhwala womwe unalola kuti kavalo azipikisana ali ndi mlingo wina wa mankhwala oletsa ululu monga phenylbutazone m'magazi mwake. Mndandandawo unadutsa ndi mavoti 53, otsutsa 48. Aliyense wogwira ntchito ndi ziweto amadziwa kuopsa kwa zimenezi: chiweto chikamatsimphina chimakhala chikukuuzani kuti mwendo uli ndi vuto, ndipo mukaletsa ululuwo n'kuchithamangitsa, mwachitseka pakamwa pomwe bala likukula. Madokotala a ziweto ndi mabungwe ambiri a ku Ulaya anakwiya, atsogoleri anaimitsa kaye lamulolo, ndipo chaka chotsatira linatayidwa. Voti inatsata malamulo onse, koma chigamulo chake chinali choipa, ndipo chinadutsa chifukwa anthu anavotera chinthu chomwe sanapatsidwe nthawi yochiwerenga. Bambo mlembi, chikalata chanucho musakachitulutse m'thumba pa tsiku la msonkhano. Chiwerengedwe pagulu kutatsala sabata ziwiri kuti msonkhano uchitike, makamaka chifukwa ena mwa eni ngolo sawerenga.

Chomwe ine ndimachilemekeza ku FEI ndi mphamvu zomwe anapatsa dokotala wa ziweto pabwalo la mpikisano. Pa endurance, pomwe mpikisano waukulu umafika makilomita 160 tsiku limodzi, kavalo amaima kangapo panjira kuti apimidwe. Mtima wake uyenera kutsika kufika pogunda ka 64 pa mphindi imodzi m'nthawi yoikika, amamuthamangitsa pang'ono kuti aone ngati akutsimphina, ndipo akalephera amachotsedwa pomwepo. Ngakhale kavalo yemwe wafika koyamba kumapeto amapimidwanso, ndipo akapezeka kuti sali bwino chipambanocho chimatha. Apa palibe kukweza manja kapena kufunsa kuti mwini wake ndi ndani.

Lamulo lina lolimba ndi lakuti wokwera ndiye amayankha pa chilichonse chopezeka m'thupi mwa kavalo wake, ngakhale atanena kuti sanadziwe. Pa Olympic ya ku Athens mu 2004, Cian O'Connor wa ku Ireland analandidwa mendulo ya golide kavalo wake Waterford Crystal atapezeka ndi mankhwala oletsedwa, ndipo inapita kwa Rodrigo Pessoa wa ku Brazil. Mu 2008, pamene mipikisano ya akavalo ya Olympic inachitikira ku Hong Kong, timu ya Norway inataya mendulo ya malo achitatu chifukwa cha capsaicin, chinthu chomwe chimachititsa tsabola kuwawa. Manyazi a zaka zimenezo ndiwo anabala malamulo atsopano a mankhwala omwe anayamba mu 2010.

Komabe nkhanza pa endurance sizinathere pa chigamulo cha 2009 chomwe aphunzitsi atchula. Zinapitirira mpaka mu Malichi 2015 pamene FEI inayimitsa bungwe lonse la United Arab Emirates kwa miyezi ingapo, ndipo apa n'kuti pulezidenti ali wina. Aliyense aganize yekha ngati kudzipatula pa mlandu umodzi kumakwanira pamene mtsogoleri akugona nyumba imodzi ndi munthu wamphamvu kwambiri pa masewerawo.

Msungichuma wa ku Tsangano anayankha:

Ine ndine mayi wosunga chuma m'gulu la alimi a mbatatesi, ndipo ndikufuna kukhudza nkhani yomwe abambo awiriwa aidumpha, ya kutalika kwa nthawi pampando. Bambo mlembi simunatiuze kuti wapampando wanuyo wakhalapo zaka zingati, koma ndikuganiza kuti si zochepa, chifukwa munthu watsopano sakhala ndi mphamvu zozilalitsa mlandu.

Kwa zaka 60 FEI inkatsogoleredwa ndi anthu a m'mabanja achifumu okhaokha. Prince Bernhard wa ku Netherlands anayamba mu 1954, Prince Philip wa ku Britain anakhalapo zaka 22 kuchokera mu 1964 mpaka 1986, mwana wake Princess Anne analowa m'malo mwake mpaka 1994, kenako Infanta Pilar wa ku Spain mpaka 2006. Princess Haya atalowa anabweretsa malire akuti pulezidenti azilamulira zigawo ziwiri zokha za zaka 4. Chodabwitsa n'chakuti nthawi yawo itatsala pang'ono kutha, mayiko ambiri anaitanitsa msonkhano wapadera mu Epulo 2014 n'kusintha lamulolo kuti zigawo zikhale zitatu, cholinga chawo chili chakuti mayiwa apitirize. Iwo anasankha kusaimanso, ndipo mu Disembala chaka chomwecho ku Baku anasankhidwa Ingmar De Vos wa ku Belgium, yemwe anali mlembi wamkulu. Bamboyu anasankhidwanso mu 2018, komanso mu 2022 pa msonkhano womwe unachitikira ku Cape Town, motero lamulo lomwe linasinthidwa chifukwa cha munthu wina linapindulira wina.

Mayiko ang'onoang'ono ankawakonda Princess Haya pa zifukwa zomveka, popeza ndi pa nthawi yawo, mu 2011, pamene panayambika FEI Solidarity, ndondomeko yothandiza mayiko osauka pa masewerawa ndi maphunziro a aphunzitsi a okwera, oweruza ndi osamalira akavalo. Sindikunena kuti thandizolo ndi loipa. Ndikungonena zomwe ndimaziona ngakhale m'magulu athu a m'midzi, kuti pamene aliyense ali ndi voti imodzi koma thumba lili ndi mmodzi, olandira thandizo savuta kukweza manja. Ngati wapampando wanu ndi amene amabwereketsa anzake ndalama zogulira matayala a ngolo, akuluakulu oweruza omwe aphunzitsi akunenawo asakhale a ngongole ake. Lembaninso kuti lamulo la malire a nthawi likasinthidwa, kusinthako kusakhudze amene ali pampando pa nthawiyo.

Mlembi wa ku Lizulu analembanso:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, alangizi ndi inu mayi. Mayi mwalasa, wapampando wathu ali m'chaka chake cha 9, ndipo ngakhale sabwereketsa ndalama, ndi iye amene amagawa maulendo a ogula akuluakulu ochokera ku Lilongwe ndi Blantyre, choncho palibe amene amafuna kudana naye. Ndalemba kale kuti milandu iziweruzidwa ndi akuluakulu atatu osankhidwa ndi gulu lonse, opanda ngolo zawo, ndipo wosakhutira azipita kwa a nyakwawa. Ndalembanso kuti mlangizi wa ziweto wa dera lathu akanena kuti bulu asamangidwe pangolo, mawu akewo asamavoteredwe.

Pali chimodzi chomwe chandiimitsa. Alangizi mwati ku FEI wokwera ndiye amayankha mlandu, koma kwathu kuno ngolo zambiri zimayendetsedwa ndi anyamata aganyu, eni ake ali kumunda kapena kumsika. Mlamu wa wapampando uja anadziteteza ndi mawu omwewo, akuti iye kunalibe ndipo wolakwa ndi mnyamata. Kodi chindapusa chizigwera ndani?

Mlangizi wa ziweto wa ku Ntcheu anayankhanso:

Bambo mlembi, pamenepa musatengere FEI liwu ndi liwu. Iwo anasankha wokwera chifukwa ndi iye amene amalembetsa mpikisano, amalandira mphoto, ndipo ali ndi mphamvu zokana kukwera kavalo wodwala. Ngakhale zili choncho, malamulo awo amalola kuti mwini kavalo, womuphunzitsa kapena dokotala awonjezeredwe pa mlandu ngati anatengapo mbali. Mnyamata waganyu alibe mphamvu zimenezo, popeza sasankha bulu womanga, sasankha chiwerengero cha matumba, ndipo akakana ntchito amachotsedwa tsiku lomwelo. Pa nkhani ya zilonda ndi katundu wopyola muyeso chindapusa chigwere mwini ngolo, kaya analipo kaya kunalibe. Mnyamata ayankhe pa zomwe wachita ndi manja ake, monga kumenya chiweto kumaso kapena pabala, ndipo chilango chake chikhale kuyimitsidwa kuyendetsa ngolo kwa masiku angapo osati ndalama, chifukwa ndalamazo mwini ngolo adzangomudula pa malipiro.

Muonjezerenso chiwerengero cha matumba chomwe abulu awiri ayenera kukoka, ndipo chikhale chosiyana pa njira ya chitunda ndi ya pachidikha, komanso m'nyengo ya dzinja pamene matayala amatitimira m'matope. Mukagwirizana tsiku, itanani mlangizi wa dera lanu abwere ndi sikelo kuti muyeze thumba limodzi la mbatatesi pamaso pa onse musanalembe nambalayo.