Disiki C yafiira pa laputopu yomwe bambo anga anasiya, ndifufute chiyani?

mlongo_wamkulu

Moni nonse. Ndikupempha nzeru. Ndili ndi laputopu yomwe malemu bambo anga ankagwiritsa ntchito. RAM yake (memore yomwe makina amagwiritsa ntchito akayaka) ndi 4 GB, inabwera ndi Windows 7 koma pano ili pa Windows 10. Ndikatsegula This PC, kamzere ka disiki C kakuoneka kofiira: pa 97 GB patsala 600 MB zokha. Windows Update ikukana, akuti malo palibe, ndipo nthawi zina Word ikumalephera kusunga zomwe ndalemba. Pali disiki inanso yolembedwa D, ya 368 GB, koma mulibe kanthu kwenikweni.

Ndachotsa mapulogalamu omwe sindiwafuna koma kamzereko sikanasunthe. Mwana wa achimwene anga wandionetsa chifoda chotchedwa WinSxS ndi mafayilo awiri, hiberfil.sys ndi pagefile.sys, akuti ndifufute zimenezo. Mtima sukundilola. M'makinamu muli zithunzi za banja lathu ndi mawu a bambo omwe anadzijambula akusimba za ubwana wawo, ndipo zimenezi kulibe kwina komwe zili. Ndiyambire pati?

Chiphaliwali

Achemwali, musavutike. Fomatani, muike Windows yatsopano, zithera pomwepo. Makina akale amafuna choncho.

Kadzidzi

Pepani ndi imfa ya bambo, achemwali. Zofomatazo dikirani kaye. A Chiphaliwali, kufomata kumapukuta C yonse, ndipo zithunzi ndi mawu akunenawa mwachidziwikire zili pa C pomwepo, chifukwa Desktop, Documents, Pictures ndi Downloads zonse zimakhala mu C:\Users.

Mwanayo sanalakwe kuona kuti zinthuzo n'zazikulu, koma ziwiri mwa zitatuzo n'zosagwira. WinSxS ndi nkhokwe ya zipangizo za Windows yeniyeniyo. Mukaifufuta pamanja, makina akhoza kukana kuyaka. Komanso kukula komwe mukuona n'konamiza pang'ono, chifukwa mafayilo ambiri m'menemo ndi omwewo ali mu System32, amangowerengedwa kawiri. Nayo pagefile.sys ndi pomwe Windows imatulira katundu RAM ikadzaza. Pa makina a 4 GB imagwira ntchito tsiku lililonse, isiyeni.

Hiberfil.sys, fayilo yomwe Windows imasungiramo zomwe zili mu RAM makina akamagonekedwa (Hibernate), yokha ndi yomwe ingachoke, koma modzera pakhomo. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe powercfg /h off. Pa Windows 10 fayiloyi imakhala pafupifupi 40 peresenti ya RAM, ndiye kwa inu ndi 1.6 GB. Mutaya Hibernate ndi Fast Startup, kutanthauza kuti makina aziyaka mochedwerako. Ine ndingaisiyire kumapeto, phindu lake n'lochepa.

Yambani ndi chida cha Windows yomwe. Lembani cleanmgr pa Start, sankhani C, ikatseguka dinani Clean up system files. Anthu ambiri batani limeneli amalilumpha, pomwe zolemera zimabisala kumeneko. Chongani Windows Update Cleanup, Temporary files, Delivery Optimization Files, ndi Previous Windows installation ngati ilipo. Yomalizayi ndi foda ya Windows.old, yomwe imayenera kuchoka yokha pakatha masiku 10 koma nthawi zina imatsalira. Mukaona Downloads pamndandandawo musachonge, ndipo Recycle Bin muitsegule kaye muone zomwe bambo anaponyamo. Pa hard disk yakale ntchitoyi ikhoza kutenga ola kapena kuposa ikuoneka ngati yaima. Musaithimitse.

Komabe ndikukayika ngati zinyalala za Windows ndi zomwe zadya 97 GB. Ikani kapulogalamu kaulere ka WinDirStat kapena WizTree. Kamasanthula disiki yonse n'kusanja mafoda kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, ndiye wakuba malo mumamuona ndi maso, osangoganizira. Mukamaliza mutiuze mafoda asanu apamwamba.

Mankhwala enieni ndi D yomwe ikungokhalayo. Dinani kumanja pa foda ya Videos, pitani pa Properties, kenako Location, kenako Move, musankhe foda yomwe mwaipanga pa D. Chitani chimodzimodzi ndi Pictures, Music ndi Downloads, iliyonse foda yakeyake. Musasankhe D yeniyeniyo popanda foda, zimasokoneza kwambiri. Mukatero, zonse zatsopano zizipita kumeneko zokha.

Gogo wa Mawaya

A Kadzidzi anena zoona, koma dongosolo lawo ndilitembenuza. Mwanawe, usanadine chilichonse, peza hard disk ya kunja kapena fulashi yaikulu, ukopere foda yonse ya bambo ako ya mu C:\Users. Kukopa, osati kusamutsa. Ukatha utsegule zithunzi zingapo ndi mawu amodzi kapena awiri kuchokera pa chakunjacho, umve ndi makutu ako kuti zikulira.

Chifukwa chake ndi ichi. C ndi D zako si madisiki awiri. Phatikiza 97 ndi 368, upeza 465, ndipo umo ndi momwe disiki ya 500 GB imaonekera mu Windows, poti opanga amawerenga ndi 1000 pomwe Windows imawerenga ndi 1024. Ndi disiki imodzi yogawidwa pawiri, ngati nyumba imodzi ya zipinda ziwiri: denga likagwa, zonse zapita. Makina omwe anabwera ndi Windows 7 ndi akale ndithu, ndipo kusamutsa mafayilo ochuluka ndi ntchito yolemetsa kwa disiki yotopa. Ika CrystalDiskInfo, imawerenga zomwe disikiyo imalemba yokha za umoyo wake. Ikati Good pitiriza. Ikati Caution, siya zosesa zonse, pulumutsa mafayilo lero lomwe.

Ndipo usaike mapulogalamu aja olonjeza kuti ayeretsa ndi kufulumizitsa kompyuta ukangodina kamodzi. Defrag nayo sibweza malo, imangosanja zomwe zilipo kale.

mlongo_wamkulu

Zikomo kwambiri nonse. Agogo, ndachita monga munanenera, ndakopera kaye ndipo mawu a bambo akumveka bwinobwino. Disiki yati Good. Cleanmgr yabweza 6 GB. Ndasamutsa Videos ndi Pictures, zinali 34 GB, ndipo kamzere kaja tsopano n'kabuluu. Update yadutsa.

Koma WizTree yandionetsa chinthu chomwe sindimachidziwa. Pali foda ya 21 GB mu AppData\Roaming\Apple Computer\MobileSync\Backup. M'kati mwake muli timafayilo tambirimbiri ta mayina a manambala ndi zilembo zosakanikirana, ndipo palibe kamodzi komwe kakutseguka. Ndi zinyalala? Bambo anali ndi iPhone koma inawonongeka kalekale.

Kadzidzi

Ayi achemwali, imeneyo musaifufute. Ndi backup, kutanthauza kope ya zomwe zinali mu foni ya bambo, yomwe iTunes, pulogalamu ya Apple, inasunga. Mayina osamvekawo ndi momwe iTunes imatchulira mafayilo, koma m'kati mwake mukhoza kukhala mauthenga awo, manambala a anthu, zithunzi za pafoni, ndi mawu ena omwe anajambula pa Voice Memos. Poti foniyo inafa, mwina iyi ndiye kope yokhayo yomwe yatsala.

Onani kaye ngati inalowa pa hard disk ya kunja ija, chifukwa AppData ndi foda yobisika. Yerekezani kukula kwake mbali zonse ziwiri. Zikafanana, sunthirani foda yonseyo ku D ili yathunthu, osachotsamo kafayilo ngakhale kamodzi, poti pakasowa fayilo ya mndandanda wa zonsezo, monga Manifest.db, zotsalazo zimavuta kwambiri kuziwerenga. iTunes imayang'ana malo akale okhawo, ndiye tsiku lomwe mudzafune kuibwezeretsa pa iPhone ina, mudzaibweze pomwe inali. Dziwaninso kuti kubwezeretsako kumafufuta zomwe zili pafoni yolandirayo, choncho pamafunika foni yopanda kanthu. Ngati bambo anaitseka ndi password, ifunika yomweyo, ndiye fufuzani m'makope awo ngati anailemba penapake.

Chinanso, poti mwati Update yadutsa: Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo laputopu ya zaka zimenezo sikwanitsa zofunika za Windows 11. Tiuzeni purosesa yake, ikupezeka pa Settings, System, About, tione chomwe ingathe kunyamula.