Khola la gulu: kudambo kapena kumtunda?

Mlembi: Abale, amfumu atipatsa malo a khola la nkhuku zoikira mazira kumunsi kuja, pafupi ndi dambo lotsikira ku Chilwa. Ndi aulere, madzi ali pompo. Amayi akuti tiwonjezeremo abakha. Tiyankhule tisanaumbe njerwa.

Msungichuma: Ine ndavomera. Malo akumtunda aja eni ake akufuna ndalama. Komanso bakha ndi wolimba, chitopa chikasesa mudzi amatsala ndi iye.

Amalume, alangizi a ziweto opuma: Kulimba kwa bakhako ndiye kukundiopsa, achemwali. Abakha am'tchire ndi atsekwe ndiwo amasunga tizilombo ta chimfine cha mbalame padziko lonse. Timakhala m'matumbo mwawo, iwo osadwala, n'kumatuluka ndi zitosi kugwera m'madzi. Madzi akazizira, ngati mu June ndi July, timakhalitsa. Chilwa wathu mukumudziwa mmene amadzazira mbalame, zina zochokera ku Ulaya. Bakha wanu akasambira m'dambo masana, madzulo adzaviika mlomo m'chomwera chimodzi ndi nkhuku.

Wa ku Mzuzu: Koma malume, ndinamva kuti cha m'mbalame zam'tchirecho nthawi zambiri chimakhala chofatsa.

Amalume: Poyamba inde. Nkhuku zimangoyetsemula, maso kutuluka misozi, kudya mwaulesi, mazira kuchepa. Mwini n'kumanena kuti chakudya cha ulendo uno n'choipa. Koma kachilomboko kakamadumpha kuchoka pa nkhuku iyi kupita pa iyo kamasintha pang'onopang'ono, kuzolowera thupi la nkhuku. Mitundu iwiri, H5 ndi H7, ikhoza kusintha mpaka kuleka kukhala m'njira yopumira ndi m'matumbo mokha, n'kulowa mumtima, muubongo, paliponse. Zikafika apo mumatsegula khola m'mawa n'kupeza zagona mbwee. Ku Italy mu 1999, H7N1 idayamba mofatsa mu March, pofika December idalusa, mbalame zoposa 13 miliyoni zidatha. Ku Pennsylvania, m'dziko la America, mu 1983 zidayendanso motero ndi H5N2, zidatha pafupifupi 17 miliyoni.

Achimwene a ku Johannesburg: Izi ndaona ndi maso. Mu 2023 kuno kudabuka H7N6 ndi H5N1 nthawi imodzi. Mashelefu a mazira mbee, masitolo ena ankaika malire a mazira amene munthu angagule.

Msungichuma: Awo ndi mafamu akuluakulu. Nkhuku za agogo zakhala zikupalasa limodzi ndi abakha kuyambira kale, tinamvapo chiyani?

Amalume: Za agogo ndi khumi, zimatandala panja padzuwa, ndipo dzuwa limapha tizilomboti. Ife tikufuna kutsekera mazana m'nyumba imodzi, zopumirana mpweya. M'menemo ndi momwe kachilombo kamapeza mpata wosintha. Chinanso, nkhuku ikafa kwathu timangoti chitopa, chifukwa zizindikiro zake n'zofanana. Wosiyanitsa ndi labotale ya ziweto ku Lilongwe basi. Katemera wa I-2 wodonthezera m'diso uja ndi wa chitopa, chimfine sachigwira.

Mlembi: Ndiye tiwakanire amfumu?

Amalume: Ayi, dimba la masamba lingachite bwino pamenepo. Khola likwere kumtunda, nkhuku zizimwa madzi a pamjigo, m'mazenera muikidwe waya woti ngakhale mpheta isalowe. Wogwira m'khola akhale ndi nsapato zake za m'menemo. Ndipo asakhale munthu wotchera mbalame ku nyanja, ndikunena poyera popeza ena mwa amene mukuwaganizira ntchitoyi ndi alenje.

Amayi a komiti: Nanga abakha athu? Pa Khirisimasi bakha amagulidwa bwino kuposa nkhuku yotopa kuikira.

Amalume: Wetani kunyumba kwanu, mayi, kutali ndi khola la gulu.

Wapampando: A Msungichuma, Loweruka mupite ndi a Mlembi mukamve mtengo wa malo akumtunda aja. A ku Joni, mukhale okonzeka kuwonjezera.

Achimwene a ku Johannesburg: Mwayambanso! Tumizani kaye mtengowo.

Amayi a komiti: Za abakha sizinathe, tikambirana pamsonkhano.