Fyuluta ya mpweya: tichape kapena tiike yatsopano?

Wofunsa: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi pikapu ya kasitomala pagalaja pano, ya dizilo ya turbo (chipangizo chokankhira mpweya mu injini), ikufuka utsi wakuda ndipo pachitunda ikufooka. Fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi, ndi ija yapepala. Mwini wake akuti ndingoichapa ndi sopo n'kuiyanika, akuti kwina amamuchitira choncho. Ndichape?

Madala wa malole: Musayerekeze, achimwene. Pepala limenelo likanyowa limafufuma, likauma limakhwinyata n'kuchita timing'alu tosaoneka ndi maso. Imaoneka yoyera bwinobwino, koma fumbi likungodutsa. Ndipo fumbi la mumsewu ndi mchenga ndithu. Limayamba kudya mapiko a turbo, kenako maring'i ndi makoma a silinda. Injini ikadzayamba kumwa oyilo, mwini wakeyo sadzakumbuka kuti analamula yekha. Adzatchula inu amene munaigwira komaliza.

Wa mateyala ndi sevisi: Madzi ayi, pamenepo tagwirizana. Koma ine ndimapopera ndi kompuresa, galimoto imanyamuka bwino.

Madala wa malole: Kunyamuka inyamuka, ngakhale mutaichotseratu fyulutayo inyamuka. Nkhani ndi yoti chikulowa mu injini n'chiyani. Kupopera kuli ndi malamulo ake. Mabuku a Caterpillar, kampani yopanga mainjini ndi makina akuluakulu, amalola pa fyuluta yaikulu yakunja ija, koma mpweya usapitirire 30 psi, womwe ndi pafupifupi 2 bar, ndipo mupopere kuchokera mbali yoyera kupita mbali yafumbi, motsatira mapindo. Tsono kompuresa ya pagalaja imakhala cha m'ma 7 kapena 8 bar, mnyamata n'kugunditsa mlomo wa paipi papepala penipeni. Kumeneko n'kuboola. Yaing'ono yam'kati ija, pa malole ndi mathirakitala, siipoperedwa n'komwe, imangosinthidwa. Komanso zija zoimenyetsa pa tayala zilekeni, zimapinda chimango ndi kuwononga labala wa m'mphepete.

Wa zamagetsi: Zochapa zilipo, koma ndi mtundu wina. Monga za kampani ya K&N, zija zansalu ya thonje yothira oyilo. Mumathira mankhwala ake, kutsukuluza ndi madzi osathamanga kuchokera mbali yoyera, kuisiya iume yokha, kenako kupaka oyilo wake pang'ono. Ndikuti pang'ono. Akachuluka amakamatira pa kawaya ka sensa ya MAF yoyeza mpweya wolowa mu injini, kompyuta n'kumawerenga mpweya molakwika, galimoto n'kuyamba kutsamwa. Ambiri amathamangira kugula sensa pomwe vuto ndi oyilo.

Wa njinga zamoto: Ifenso yasiponji timachapa ndi madzi a sopo, kufinya osapotokola, ikauma kupaka oyilo. Petulo ayi, amasungunula guluu wake. Koma njinga zina zimabwera ndi yapepala, imeneyo ndi yotaya basi.

Madala wa malole: Achimwene ofunsa, musanakangane ndi kasitomala chitani ziwiri. Lowani nayo pamdima, muyike tochi mbali imodzi, muyang'ane mbali inayo, makamaka m'makona mwa mapindo. Kuwala kwa mbee paliponse si vuto, koma kadontho kowala kwambiri ndi bowo. Kenako masulani paipi yochoka pabokosi kupita ku turbo, mupisemo chala.

Wofunsa: Ndachita. Timabowo tilipo m'mapindo atatu, ndipo labala wake wauma, mbali ina sakukhala bwino pabokosi. Chala chatuluka ndi fumbi lofiira, likumveka kukhakhala ndikalitikita.

Madala wa malole: Ndiye kuti yakhala ikudya fumbi kuyambira pomwe anaichapa paja. Muitaneni mwini wake apisemo chala chake, asamve kwa inu. Ikani yatsopano ya nambala yoyenera, osati yongofanana maonekedwe, chifukwa ikapanda kukhala bwino fumbi lizidutsa m'mbali. Bokosi ndi paipi mupukute ndi kansalu konyowa pang'ono, osapopera, mungakankhire fumbilo m'kati. Muonenso mapiko a turbo ngati sanadyeke m'mphepete.

Wa zamagetsi: Ndipo utsiwo ukapitirira mutaika yatsopano, musaimbe mlandu fyuluta. Onani mapaipi a intercooler (yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo) ngati sakutaya mpweya, kenako EGR (valavu yobweza utsi wina mu injini) ndi mainjekita.

Wofunsa: Wabwera, wapisa chala, wavomera kugula. Mapiko a turbo adyeka pang'ono m'nsonga koma shafiti siikugwedera. Ndamuuza kuti tiyezenso kompuresheni ya m'masilinda asananyamuke, ndipo poti amayenda kwambiri m'misewu yafumbi, tizitsegula bokosi pa sevisi iliyonse m'malo modikira makilomita a m'buku.