Za funso lija la pH ndi ma peptide opha mabakiteriya

Mwezi watha ndinafunsa ngati asidi amawonjezera mphamvu ya ma peptide, timapuloteni tating'onoting'ono tomwe thupi limapanga pophera mabakiteriya. Ambiri munayankha kuti inde, asidi akachuluka amapha kwambiri. Ndawerenganso, ndipo ndapeza kuti zimadalira peptide yake.

Chinsinsi chili pa histidine, kamodzi mwa tizidutswa (ma amino asidi) tomwe timapanga peptide. Peptide zambiri zimamatirira pakhungu la bakiteriya chifukwa zili ndi chaji ya positive pomwe khungulo lili ndi ya negative. Histidine imatenga chaji ya positive pH ikatsika pansi pa 6 (pH ndi muyeso wa asidi: ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka). N'chifukwa chake clavanin, peptide yokhala ndi histidine yambiri yochokera ku kanyama ka m'nyanja kotchedwa Styela clava, imapha bwino pa pH 5.5 koma pa 7.4 imangokhala ngati yagona.

Chomwe chinandidabwitsa ndi cha m'mapapo. Mu 2012 ofufuza a pa yunivesite ya Iowa anaonetsa kuti mwa tiana ta nkhumba todwala cystic fibrosis (matenda obadwa nawo omwe amawononga mapapo), timadzi tokuta njira ya mpweya timakhala ta asidi wochulukirapo, ndipo mabakiteriya safa msanga. Atakweza pH ndi bicarbonate, kupha kunabwerera. LL-37 ndi beta-defensin 3, ma peptide omwe ife anthu tili nawo, amafooka asidi akachuluka.

Ndiye amene munati "asidi ndiye mankhwala" munalondola pa ma peptide onga clavanin okha, pepani. Ine tsopano ndisanayerekeze zotsatira za kafukufuku awiri, ndimayamba ndaona pH ya madzi omwe anayeseramo, ndi mchere womwe unalimo, poti nawonso umafooketsa ma defensin.