Bokosi la mavitamini pa kraft: buluu wafa, barcode ikukana

Wa mabokosi: Anzanga ndithandizeni, mutu wayima. Kasitomala wina wa zaumoyo akufuna mabokosi a mavitamini pa kraft, pepala lolimba labulauni lija, akuti anthu aone kuti amasamala chilengedwe. Logo yawo ndi buluu wa Pantone (mitundu ya inki yosankhidwa m'buku ndi nambala), pa kompyuta ikuwala bwinobwino, koma proof (chosindikiza choyesera) yabwera buluu uja ali ngati madzi otsukira mbale. Barcode nayo sikana ikuikana. Malemba a kamwedwe ndi ang'onoang'ono, 6pt. Akufuna zonse Lolemba. Nditani?

Wa prepress (wokonza mafayilo asanasindikizidwe): Achimwene, inki imadalira kuyera kwa pepala, pa kraft bulauni amatulukira pamwamba. Yalani opaque white (inki yoyera yophimba pepala) pansi pa logo, ikhale ndi spot channel yakeyake (mtundu wapawokha mu fayilo), muichepetse pang'ono m'mbali kuti isasuzumire. Ena amamenya kawiri. Buku la Pantone yang'anani la U (la mapepala osakutidwa pamwamba), osati la C (la okutidwa).

Mdala wa offset (makina osindikizira): Kraft si pepala la mankhwala. Basi.

Wa malogo: Ine za zaumoyo ndinapsa nazo kale. Kiliniki ina inaumirira mtanda wofiira pa logo, tinasindikiza zikwangwani, makadi, ngakhale zomata pa galimoto. Kenako kalata tho! Chizindikiro chimenecho ndi chotetezedwa ndi Mapangano a Geneva a 1949, si cha aliyense. Tinasintha kukhala wobiriwira, zobwereza zonse zinatuluka m'thumba mwanga. Onetsetsani kuti pa bokosi lanulo palibe.

Wa mabokosi: Palibe mtanda achemwali, ndi katsamba. Nkhani yanga ndi barcode.

Wa prepress: Iikeni m'kabokosi koyera, mizere ikhale K 100 yokha (inki yakuda yokhayokha), osasakaniza mitundu inayi, registration (kukumana kwa mitunduyo) ikangosuntha mizere imanenepa. Mizere yofiira musayerekeze, sikana ya laser imaona ndi kuwala kofiira, mizereyo imangosowa. Quiet zone, mpata wopanda kanthu m'mbali mwa barcode, musaidye.

Mdala wa offset: Mwaona? Woyera pansi pa logo, woyera pansi pa barcode, mawa woyera pansi pa malemba. Ndiye kraft watsala pati? Tengani bolodi loyera la FSC (chizindikiro cha nkhalango zosamalidwa bwino) zithe. Agogo a maso ofooka awerenga bwanji 6pt pa bulauni? Akamwa atatu m'malo mwa mmodzi mudzati ndi chilengedwe?

Wa ma label: Pa FSC pomwepo chenjerani. Logo ija sitimangokopera pa Google. Wosindikiza akhale ndi satifiketi ya chain of custody (yotsata komwe pepala lachokera), ndipo pa logo pamakhala nambala ya laisensi yake. Komanso musalole akulembetseni kuti "chimawola chokha" pamene mkati muli blister (kapaketi ka mapiritsi) ya PVC ndi aluminiyamu. Bokosi liwola, koma blister ija ikhala mpaka zidzukulu. Ngati ena mwa katundu wawo ndi mankhwala enieni opita ku EU, dzina limafunikanso mu braille, musiye malo pa dieline (chojambula cha kadulidwe ka bokosi).

Wa mabokosi: Eee, tsopano aimba foni, akufunanso gloss lamination (kumata pulasitiki yowala pamwamba) kuti buluu awale.

Wa malogo: Pulasitiki pamwamba pa kraft wosamala chilengedwe? Kkkk. Auzeni za aqueous varnish, vanishi wa madzi uja.

Mdala wa offset: Varnish kraft amangomwa ngati siponji. Ndanena kale ine, bolodi loyera. Zaka zonsezi ndili pa makina sindinaonepo buluu wa chipatala akutuluka bwino pa bulauni.

Wa ma label: Paja pali amene anayesapo opaque white yomenya kawiri pamalo opinda? Kwa ine inkasweka pa crease bokosi likangopindidwa, mwina vuto linali die, chitsulo chodulira ndi kupindira bokosi.